Mlomo mwabooletsa ukuvuta? Yambani mwayang'ana ndolo

Madandaulo a anthu amene angobooletsa mlomo sasintha. Wina mlomo watupa ngati walumidwa ndi njuchi, wina patuluka kachotupa pambali pa bowo, wina akuti chitsulo chikumukanda nkhama. Onse amabwera ali ndi yankho kale, amati bala lalowa tizilombo. Koma ukawatsegulitsa pakamwa n'kuwalitsa tochi, kawirikawiri umapeza kuti vuto ndi ndolo. Mwina yatalika kwambiri, mwina yafupika, mwina ndi yachitsulo chosadziwika, mwinanso mwini wake sakuipatsa mpata, lilime ndi zala zili pomwepo tsiku lonse.

Tigwirizane kaye mayina. Ndolo imene amaika poyamba, imene oboola amaitcha labret stud, ili ndi mbali zitatu: kamtengo kodutsa m'bowo, kambale kophwatalala kokhala m'kamwa, ndi kamutu koonekera kunja. Kunenepa kwa kamtengoko kumakhala mamilimita 1.2 kapena 1.6, ndipo pa paketi amalemba 16g kapena 14g. Bala la pamlomo limapola pakatha masabata 6 mpaka 8 ngati zonse zayenda bwino, kwa ena limafika miyezi itatu. Kunja kumauma msanga mkati mwa bowo mudakali mwamuwisi, ndipo ambiri amapusitsika pamenepa.

## Mukaona izi, pitani kuchipatala lero lomwe

- Kutupa kwatsikira pansi pa chibwano kapena kukhosi, kapena mukuvutika kupuma ndi kumeza.
- Thupi latentha, mukunjenjemera, mukufooka.
- Kufiira kapena kuda kwa khungu kukufalikira kutali ndi bowo, pakutentha ndipo pakunyezimira.
- Pakutuluka mafinya olimba, obiriwira kapena achikasu kwambiri, onunkha.
- Magazi sakusiya ngakhale mwapanikiza ndi kansalu koyera kwa mphindi 10 mpaka 15.
- Kambale kabisika m'nyama, simukukaonanso.

Musachotse ndolo nokha poganiza kuti mukuthandiza bala. Ndoloyo ndi imene ikusiya njira yotulukira mafinya. Mukaichotsa, khungu limatseka pamwamba, mafinya n'kutsekeredwa mkati, n'kusanduka chithupsa choti achite kung'amba. Adokotala ndi amene anene ngati ichoke.

Ngati muli ndi vuto la mavavu a mtima, matenda a shuga, kapena chitetezo cha m'thupi mwanu n'chotsika, musadikire kuti zizindikiro zichuluke. Mabakiteriya a m'kamwa akalowa m'magazi amatha kukakhazikika pa mavavu a mtima, ndipo ngakhale zimachitika mwa apo ndi apo, zikachitika ndi matenda aakulu.

## Mlomo watupa kwambiri

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Kutupa kwa bala latsopano. Kumakula kwambiri pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, kenako kumayamba kuphwa sabata isanathe. M'mawa kumaoneka koopsa kuposa madzulo. Yang'anani pagalasi: ngati kamtengo kakuonekabe pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo, palibe chodetsa nkhawa. Vumatani tizidutswa ta ayezi wa madzi abwino mpaka tisungunuke, osatitafuna, imwani madzi ozizira, ndipo gonani mutatsamira mapilo awiri. Ibuprofen amathandiza ngati mulibe zilonda zam'mimba, vuto la impso, kapena pakati. Aspirin mupewe, amachititsa kuti magazi achedwe kuundana.
2. Mukulisokoneza. Kukankha kambale ndi lilime, kuluma kamtengo, kuzunguliza ndolo, mowa, fodya, zakudya zotentha, za tsabola ndi zowawasa. Siyani zonsezi kwa masiku awiri muone kusintha.
3. Kamtengo kafupika. Ndolo yoyamba imayenera kutalika dala, nthawi zambiri mamilimita 10 kapena 12, kuti kutupa kupeze malo. Ngati kamutu ndi kambale zapanikiza mlomo ngati pulayala, bwererani kwa woboola lero akaike yaitali.
4. Tizilombo. Kutupa kumene kunaphwa n'kubwereranso mwamphamvu, kapena kukungokulirakulira pambuyo pa tsiku lachisanu pamodzi ndi ululu wogunda, n'kwa kuchipatala.

## Kambale kakulowa m'nyama

Apa pamafunika maso, chifukwa pali zinthu ziwiri zofanana, china chabwinobwino, china choopsa.

Mkati mwa mlomo ndi mofewa, ndiye kambale kakakhalapo masiku angapo kamakumba kadzenje kake n'kukhazikikamo. Zimenezi si vuto, ndipo zimathandiza chifukwa kambale kakakhala m'kadzenjeko sikakhula mano. Vuto limabwera nyama ikayamba kukwera m'mphepete mwa kambale n'kumakaphimba. Nyama ya m'kamwa imakula mofulumira kwambiri, moti munthu amatha kugona kambale kakuoneka theka, n'kudzuka katabisika.

Sambani m'manja ndi sopo, kenako kankhani kamutu pang'ono kulowera m'kamwa.

- Kambale katuluka m'kadzenje mosavuta, konse kakuoneka, palibe ululu: kasiyeni.
- Katuluka movutikira, kakusiya mphako yakuya yofiira, kapena mukakasiya kakubwerera n'kuphimbidwa m'mbali: kamtengo kafupika kapena kambale kachepa. Pitani kwa woboola tsiku lomwelo, akaike kamtengo katali kapena kambale kotambalala.
- Sikakutuluka, kapena pamwamba pake pamera kanyama: musakumbe ndi singano, musakoke. Imeneyi ndi ntchito ya kuchipatala, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi n'kung'amba pang'ono.

Chimene chimayambitsa kawirikawiri ndi ndolo yaifupi imene inaikidwa tsiku loyamba. Chachiwiri ndi kufupikitsa msanga kutupa kusanathe. Chachitatu ndi kugona chafufumimba nkhope ili pa pilo, ndolo n'kumakankhidwa usiku wonse.

## Pakutuluka timadzi ndipo pakuuma nkhanambo

Timadzi toyererako kapena tachikasu pang'ono, touma n'kupanga nkhanambo kuzungulira kamutu, si mafinya. Ndi timadzi ta m'thupi timene bala lililonse limatulutsa likamapola, ndipo timatha kumatuluka kwa masabata angapo. Mkati mwa mlomo nkhanambo siuma, m'malo mwake mumaona kamkombero koyera kuzungulira kambale. Nakonso n'kabwinobwino.

Kasamalidwe kake n'kosavuta, ndipo amene amawonjezerapo zawozawo ndi amene amavutika:

- Kunja, tsukani kawiri patsiku ndi madzi amchere a ku famase otsukira mabala, olembedwa kuti sodium chloride 0.9%, opanda china chilichonse chosakanizamo. Nyowetsani nkhanambo ifewe yokha, pukutani ndi gozi kapena pepala loyera, muumitsepo.
- M'kamwa, chukuchani ndi madzi abwino mukatha kudya chilichonse. Mankhwala ochukuchira m'kamwa akhale opanda alcohol, masekondi 30, osapitirira kanayi kapena kasanu patsiku.
- Gulani mswachi watsopano wofewa, muzitsuka mano monga mwa nthawi zonse koma mofatsa pafupi ndi kambale.

Ngati timadzito tachuluka, pakunyowa nthawi zonse ndipo khungu lasuwa, ganizirani izi motsatana:

1. Mukutsuka mopitirira muyeso, kapena ndi mankhwala aukali. Sipiriti, hydrogen peroxide ndi ayodini zimapha tizilombo, inde, koma zimapsereza ndi khungu lanthete limene likuyesa kumera m'bowo.
2. Mchere wosungunula nokha wachuluka. Anthu amathira mongoyerekeza, madzi n'kukhala owawa ngati a m'nyanja yamchere, bala n'kumauma ndi kung'ambika. Ngati mulibiretu a ku famase, musapitirire kota ya kasupuni ka tiyi ka mchere wopanda ayodini mu mamililita 250 a madzi owiritsa.
3. Mukumatula nkhanambo youma ndi chikhadabo, kapena kuzunguliza ndolo. Malangizo akale oti ndolo izizungulizidwa kuti isamatirire anasiyidwa. Siimatirira, ndipo mukaizunguliza mumakokera nkhanambo yokhakhala m'bowo.
4. Mafuta opaka, zodzola za pamlomo, kapena mankhwala ophodera nkhope zikulowa m'bowo. Mafuta amatseka mpweya ndipo amagwira fumbi.

Kupsompsonana, kugonana m'kamwa, kubwerekana makapu ndi masupuni, komanso kusambira m'madamu ndi m'maiwe zidikire mpaka bala lipole.

## Patuluka kachotupa pambali pa bowo

Aliyense akaona kachotupa amathamangira kunena kuti ndi keloid, chipsera chotupa chimene chimangokulirakulira. Nthawi zambiri si keloid.

1. Kachotupa kobwera chifukwa cha kukhulika. Kamakhala kakang'ono, kofewa kapena kolimbirako, kamatuluka m'masabata oyambirira, ndipo tsiku lina kamakula tsiku lina kamachepa. Funani chimene chikukhula: kamtengo katali kogwedezeka, mphete yoikidwa msanga, kugonera mbali imodzi, lilime. Mukachotsa chimenecho kachotupa kamaphwa kokha m'masabata angapo.
2. Bowo linalowa mopendama. Yang'anani chammbali pagalasi. Ngati kamutu kaloza pansi kapena kumbali, kambale kakupanikiza mbali imodzi yokha, ndipo kachotupa kamabwererabwerera pomwepo. Kusintha ndolo nthawi zina kumathandiza, koma ngati kupendamako n'kwakukulu, njira yake ndi kuchotsa, kupoletsa, n'kudzaboolanso bwino.
3. Kanyama kofiira konyowa kotuluka magazi mukangokagunda. Kamenekanso kamabwera chifukwa cha chinyontho ndi kukhulika. Kakapanda kuchepa pakatha masabata awiri kapena atatu, kakaonetseni kuchipatala.
4. Keloid weniweni. Ichi ndi chipsera cholimba, chosalala, chonyezimira, chimene chimayamba patapita miyezi, chimakula kupitirira malire a bala, ndipo sichiphwa chokha. Chimayenda m'magazi a pabanja ndipo chimapezeka kwambiri mwa anthu a khungu lakuda. Ngati munatulukapo chotere pakhutu, pachifuwa kapena pa katemera, musadikire. Onanani ndi dokotala wa khungu chikadali chaching'ono.

Musakafinye, musakamange ndi ulusi, musapakepo aspirin wosinja, mankhwala otsukira mano kapena mafuta a tea tree osasungunula. Zonsezi ndaziona, ndipo zimangosandutsa kachotupa kukhala chilonda chopsa.

Matuza ang'onoang'ono otuluka pagulu, oyamba ndi kunyerenyetsa, ndi nkhani ina. Kwa amene ali kale ndi kachilombo ka herpes simplex, kuboola kumatha kukadzutsa. Pitani kuchipatala msanga, pali mankhwala monga aciclovir amene amagwira bwino akayambidwa matuza asanafalikire.

## Ndolo ikugunda mano kapena kukanda nkhama

Vuto ili ndi limene limandidetsa nkhawa kuposa onse, chifukwa silipweteka. Kutupa kumakuthamangitsani nokha kukafuna thandizo, koma nkhama zimatha mwakachetechete, ndipo zikabwerera m'mbuyo sizimeranso. Chimodzimodzi chikuto cholimba cha dzino, chikaperepeseka chapita.

1. Simunabwerere kukafupikitsa kamtengo. Ichi ndiye chofala koposa. Ndolo yoyamba ija inatalika chifukwa cha kutupa. Kutupa kukatha, pakati pa sabata yachiwiri ndi yachinayi, mamilimita awiri kapena atatu otsalawo amasanduka mdani. Kambale kamalendewera, kamatsetsereka pa nkhama mukamalankhula, kamakodwa kumano mukamatafuna. Ndikukumbukira mtsikana wina amene anakhala ndi ndolo yoyamba miyezi isanu ndi itatu chifukwa palibe anamuuza zobwerera. Polankhula nane ndinkamva kuti ke, ke, ke, chitsulo chikugunda mano a m'munsi, iye osamvanso chifukwa anazolowera. Atakoka mlomo, pa dzino limodzi nkhama inali itatsika ngati kachilembo ka V, muzu uli pamtunda. Ankadabwa kuti bwanji madzi ozizira akumupweteka pamenepo. Yang'anani inunso: mlomo uli phee, ngati kamtengo kakutuluka kunja moonekeratu, kapena mungathe kukaluma, nthawi yofupikitsa yakwana. Ambiri amathera pa mamilimita 8, ena 6 kapena 7, malinga ndi kunenepa kwa mlomo. Asinthe ndi woboola, chifukwa bala silinapole.
2. Chizolowezi choseweretsa. Kuluma kamtengo, kukoka kambale ndi mano, kukagundanitsa dala. Anthu amachita osadziwa, akamawerenga kapena akamaganiza. Dzino limatha kubenthuka tsiku limodzi lokha.
3. Kambale n'kakakulu kapena m'mphepete mwake n'mwakuthwa. Tilipo timbale ta milingo yosiyana, woboola akuyezeni.
4. Bowo lili pamalo olakwika, lotsika kwambiri moti kambale kakhala ndendende pa nkhama. Apa palibe ndolo imene ingakonze.

Kamodzi pa mwezi kokani mlomo pagalasi, muyerekeze nkhama ya kuseri kwa kambale ndi ya mano oyandikana nawo. Mukaona kuti yatsika, yafiira, ikutuluka magazi potsuka, kapena dzino likunyung'unya ndi zozizira, pitani kwa dokotala wa mano. Akanena kuti ndolo ichoke, ichoke. Ena amasinthira ku ndolo yapulasitiki yofewa poganiza kuti vuto latha. Imachepetsa kubenthuka kwa mano, koma nayonso ikamakhula nkhama tsiku ndi tsiku imaidya.

Izi zikukhudza mabowo onse okhala ndi kambale m'kamwa: labret ya pansi pa mlomo, snake bites za mbali zonse ziwiri, Monroe ya pamwamba chakumanzere, ndi Medusa ya pakati, pansi pa mphuno. Vertical labret yokha ndi imene siilowa m'kamwa, imatulukira pamwamba pa mlomo, choncho mano siiwakhudza kwenikweni.

## Pakuyabwa, pafiira, khungu likusenda

Ngati kuyabwa n'kwakukulu, khungu lozungulira lauma kapena latuluka timatuza, ndipo bowo likuoneka ngati likuthawa ndolo, yambani mwakayikira chitsulo.

1. Nickel. Ndi chitsulo chimene matupi a anthu ambiri amadana nacho kuposa zitsulo zina, ndipo chimapezeka m'ndolo zotchipa zambiri. Ngati batani la jinzi, lamba wa wotchi kapena ndolo za m'makutu zinakuyabwitsanipo, yankho mwalipeza. Mawu akuti surgical steel pa paketi asakunamizeni, satsimikizira chilichonse.
2. Ndolo yokutira. Golide wopaka pamwamba kapena utoto wakuda zimasupuka ndi malovu, chitsulo cha pansi n'kuonekera.
3. Mankhwala otsukira, makamaka sopo wonunkhira ndi zodzola.
4. Kuyabwa pang'ono kwa bala lopola, kumene sikubwera ndi zidzolo ndipo kumatha kokha.

Zoyenera pa bala latsopano:

- Titanium wa mlingo wa ASTM F136, yemweyo amene amapangira zitsulo zoika m'thupi pa opaleshoni. Alibe nickel, ndi wopepuka, ndipo ndi amene ndingasankhe popanda kuganiza kawiri. Mitundu yake yowala imabwera ndi magetsi, si utoto.
- Niobium, chitsulo china, nayenso wabwino kwa a khungu lovuta.
- Golide weniweni wa 14k kapena 18k wopanda nickel. Woposa 18k ndi wofewa kwambiri, amakandika n'kumasunga litsiro.
- Chitsulo cha ASTM F138. N'chabwino kwa ambiri, koma chili ndi nickel, choncho amene amayabwa achipewe.

Siliva ayi. Amada akakumana ndi timadzi ta m'bala, ndipo amatha kusiya banga lotuwa pakhungu losachoka. Acrylic, mtundu wa pulasitiki yolimba, nayenso ayi, amakandika ndipo sapirira kutentha kwa makina ophera tizilombo a autoclave.

Onaninso mazinga. Ngati mazinga ali kunja kwa kamtengo, nthawi iliyonse ndolo ikamalowa amadutsa m'bala ngati tupa. Yabwino ndi imene kamtengo kake n'kosalala, mazinga ali mkati, kapena yopanda mazinga yongokankhira kamutu.

## Lilime layera, m'kamwa mukuuma

Pafupifupi nthawi zonse ndi mankhwala ochukuchira, achuluka kapena ali ndi alcohol. Chepetsani, muzichukucha ndi madzi okha. Ngati zoyerazo zakhuthala ngati mkaka wogona, zikupweteka, ndipo mukazipala pansi pake pakufiira, mwina ndi mafangasi, makamaka ngati mwangomwa kumene maantibayotiki. Amenewa amafuna mankhwala a kuchipatala.

## Kamutu kamasuka kapena ndolo yagwa

Kamutu ka mazinga kamamasuka kokha ndi kutafuna. Usiku uliwonse, m'manja mutasamba, gwirani kambale ndi dzanja lina, linalo mumange kamutu. Ka ndolo yongokankhira kakayamba kutuluka mosavuta, woboola amapinda kawaya kake pang'ono kuti kagwire.

Kamutu kakasowa kamtengo kadakali m'bowo, kasiyeni momwemo. Matani kapulasitala kunja kuti kasabwerere m'kamwa, osagona nako chonchi ngati mungathe kupeza kamutu kena tsiku lomwelo.

Ndolo yonse ikatuluka, thamangani. Bowo latsopano la pamlomo limayamba kutsekeka mbali ya m'kamwa m'maola ochepa, nthawi zina m'mphindi. Ngati yagwera pamalo oyera, itsukeni ndi madzi amchere aja, muyese kamodzi kuilowetsa kuchokera mkati, modekha. Ikakana musaikakamize, mungaboole njira ina pambali. Woboola ali ndi kachitsulo kosongoka kotsegulira bowo popanda kung'amba.

Kamutu kosalala komezedwa kamatuluka kokha ndi chimbudzi pakapita masiku ochepa. Koma ngati mwameza chosongoka, m'mimba mukupweteka, kapena chinalowa mukukoka mpweya ndipo mukutsokomola ndi kubanika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

## Mwaika mphete ndipo ululu wayambiranso

Chofala ndi kufulumira. Mphete imayendayenda m'bowo, ndipo kupindika kwake kumapanikiza njira imene inabooledwa mowongoka. Dikirani miyezi itatu, ndipo papite masabata angapo popanda nkhanambo, kutupa kapena ululu.

Chachiwiri ndi kuchepa. Mphete yogwira mlomo thithithi imaoneka bwino pa chithunzi, koma imadula mlomo ngati waya mukamatsegula pakamwa. Kukula kwa mkati mwake kumayezedwa kuchokera pa bowo kufika m'mphepete mwa mlomo, n'kuwonjezerapo mpata pang'ono. Kwa ambiri ndi mamilimita 8 mpaka 10. Ngati ikusiya mzere pamlomo, yachepa.

Chachitatu ndi kunenepa kosiyana. Mukaika ya 1.6 m'bowo la 1.2 mumang'amba, ndipo yopyapyala kwambiri nayonso imacheka. Chachinayi ndi polumikizira pa mpheteyo, pamene pamatha kuzungulira n'kukakhala m'kati mwa bowo n'kumakanda.

Pa zonsezi bwererani ku labret stud ya titanium ya mlingo wanu, muyambirenso madzi amchere kawiri patsiku, ndipo mudikire mwezi wathunthu musanayesenso mphete.